Manja a M'jekete la Abambo

Gitala la kwathu lakhala pamsomali umodzimodzi pabalaza chibadwire ine, ndipo zaka zonsezi silinakhalepo ndi nsambo zokwanira. Yachitatu ndiyo inkasowa. Mlendo akabwera n'kunena kuti, "A Zalakhumi, tatiimbirani kamodzi," abambo ankadzuka mwaulemu, n'kulitsitsa, n'kuliika pantchafu, kenako n'kupukusa mutu ngati munthu wolandira uthenga woipa. "Ha! Nsambo ija yadukanso." Alendo ena achifundo ankabweranso sabata yotsatira atagula nsambo yatsopano, n'kuimanga okha. Abambo ankati nsambo yatsopano imafunika igone kaye kuti izolowere. Kukacha tinkaipeza itaduka, ikulendewera. Tinanamizira makoswe, tinanamizira chinyezi, ndipo mlongo wanga anakalipiridwapo kawiri asanalakwe. Chodabwitsa n'chakuti gitalalo silinkagwira fumbi ngati mafelemu a zithunzi oyandikana nalo, koma ine ndinkangoti ndi ukhondo wa amayi.

Dzina la Zalakhumi abambo analipeza ali mnyamata. Bandi yawo inatulutsa nyimbo imodzi yokha, yotchedwa "Ambulera Yobooka", ndipo nyimboyo inali ndi kanema wake. Amene anaonera kanemayo mpaka lero amati gitala la m'menemo linkalankhula. Ine ndinali ndisanamuonepo. Makina oonetsera matepi a kwathu anafa ndili wakhanda, ndipo tepiyo inkakhala m'sutikesi pansi pa bedi, itakulungidwa m'thaulo.

Ndimagwira ntchito kulaibulale. Chaka chatha tinalandira makina osamutsira matepi akale mukompyuta, ndipo popeza ndine amene ndimakonza pulinta ikatafuna mapepala, abwana anati makinawo ndi anga. Kuchokera tsiku limenelo abambo amanditchula kuti Injiniya. Kenako abwana anaganiza zoti tisonkhanitse makanema a nyimbo zakale amene anthu anasunga m'nyumba, tiwasamutse, tidzawaonetse muholo Loweruka lina masana, aliyense adzalowe. Tinamata chidziwitso pakhomo. M'mawa mwake, tisanatsekule n'komwe, abambo anali ataima pakhomopo atafungata thaulo lija.

"Injiniya, uyu ndi m'bale wako wamkulu," anatero pondipatsa. "Umugwire bwino."

M'bale wangayo anali atachita chuku. Ndinamasula tizitsulo ta chikuto chake, n'kupukuta riboni yonse ndi thonje lonyowetsa ndi spiriti, ndikuzungulitsa ndi chala pang'onopang'ono. Zinanditengera tsiku lathunthu ndipo msana unandiuza mawu. Ntchito imeneyi ilibe chidule. Tepi ikamalowa mukompyuta imayenda pa liwiro lake, ndipo iwe umangokhala pomwepo n'kumaonera, ukupemphera kuti makina asaitafune.

Chithunzi chitabwera ndinaseka mpaka abwana anasuzumira. Anajambulira padenga lakonkire la nyumba ina, kumbuyo kukuoneka mathanki a madzi ndi zovala za eni ake zili pachingwe. Abambo anali pakati, tsitsi ngati chitsa cha mtengo, thalauza lotambalala kumapazi, jekete lofiira, gitala pachifuwa. Kumbuyo kwawo kunali a Kabudula, mnzawo wa pamtima mpaka lero, akumenya ng'oma atavala kabudula amene anawapatsa dzinalo. Panalinso mnyamata wa besi wowonda ngati ndodo ya tsache. Abambo ankaimba akuyang'ana kumwamba ngati mvula ikubwera. Ndiye pakati pa nyimbo mawu analeka, kamera inayandikira, chithunzi chonse n'kukhala manja awiri pagitala. Apa ndinasiya kuseka. Anthu aja sankanama. Zala zinkathamanga, kubwerera, kunyengerera nsambo imodzi mpaka ilire, ndipo ine ndinamva tsitsi likuyenda.

Pamalo amenewo chithunzi chinkanjenjemera pang'ono, choncho ndinachiimitsa kuti ndichikonze. Ndinayang'ana, n'kuyandikiza nkhope, n'kuyang'ananso. Manja a jekete anali ofiira ndithu, koma anali atapindidwa kawiri. Zala za abambo ndi zonenepa ngati nthochi, ndipo zinali choncho ngakhale m'kanemamo, akamakweza dzanja. Izi zinali zazitali, zowonda, ndipo kachala kakang'ono ka kumanzere kanali kopindikira kunja.

Kachala kameneko ndimakadziwa kuposa nkhope yanga. Kanandiluka tsitsi, kanandiloza ndikanama, kanandigwira pachipumi ndikatentha thupi. Kanapindika chitseko chitakapana mwini wake ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinakhala pampando paja pakamwa pali yasa, mpaka kompyuta inazimitsa yokha chithunzi.

Ndinaganiza zokhala chete. Ndani amayang'ana kachala m'kanema wa zaka makumi atatu ndi zisanu zapitazo?

Kanema wa munthu sungangomuonetsa kugulu chifukwa choti tepi ili m'manja mwako. Pamafunika chilolezo, ndipo kuti chituluke, aliyense amene ali ndi gawo m'kanemamo asaine fomu: wopeka nyimbo, woimba, oimba zida, ngakhale wojambula. Amene anamwalira amawasainira achibale. Ndinayenda mtunda sabata imeneyo. A Kabudula anasaina ndi chilembo chachikulu chodzaza mizere itatu. Wa besi anatisiya kale, anasaina ndi mkazi wake, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Wojambula anali wojambula maukwati, ndipo mwana wake anati, "Tengani, bola anthu aone kuti bambo anga sankajambula makeke okha." Abambo anasaina kawiri, pamzere wa woimba ndi pamzere wa gitala, ndi cholembera chawo cha m'thumba la malaya chimene sabwereketsa munthu.

Lachitatu ndinapita ndi mafomu onse kuofesi yoona za umwini wa nyimbo. Kumeneko kuli mayi wina amene aliyense amamutchula kuti Mayi Chidindo. Ndi wamfupi, magalasi ake amalendewera pachingwe, ndipo sadinda pepala asanaonere kanema yense. Tinali ndi makanema khumi ndi awiri. Anawaonera onse palaputopu yanga, phazi lake likumenya pansi pa desiki, nkhope ili gwa ngati akuwerenga lamulo. Khumi ndi mmodzi anadinda. Atafika pa "Ambulera Yobooka" anaonera mpaka pakati, n'kutambasula chala, n'kuimitsa. Anabweza pang'ono. Anaimitsanso.

"Achemwali, bambo awa ali ndi manja angati?"

"Awiri, mayi."

"Ine ndawerenga anayi."

Ndinayesa kuseka, koma kuseka kwake kunatulukira m'mphuno. Ndinati mwina ndi kuwala kwa dzuwa, mwina tepi inatambasuka ndi kukalamba. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi mpaka ndinatsitsa maso.

"Tepi ikakalamba imasintha mtundu, siisintha zala," anatero. "Amene wasaina apa kuti ndi wa gitala si amene akuimba gitalali. Ndipezereni mwini manjawa, asaine."

"Nanga ndikangodula pamene pali manjapo?"

"Mudulanso kulira kwa gitalalo? Ndiye mutsala ndi chiyani, bambo woyang'ana kumwamba?" Anavula magalasi, mawu ake n'kufewa pang'ono. "Mwana wanga, ofesi ino anaitsekulira anthu ngati ameneyu, ooneka manja okha. Lachisanu ndimatseka thwelofu koloko. Fomu ikabwera yoona, ndidinda. Ikapanda kubwera, muonetsa khumi ndi mmodzi."

Ndinatuluka ndi fomu yosadindidwa ija m'chikwama. Abambo anali ataitana dziko lonse. Anauza ometa tsitsi, anauza a minibasi, anaimbira foni anzawo amene anasiyana nawo kalekale, ndipo suti yawo inali kale kochapitsa. Zaka zonsezi anthu ankangomva za kanemayu, ndipo Loweruka linali tsiku loti a Zalakhumi aonekere. Tsopano panali njira ziwiri zokha: nyimbo yawo isaonetsedwe pamaso pa anthu onse amene anawaitana, kapena ionetsedwe dzina lawo litagwa.

Ndinapeza amayi kuseri kwa nyumba akuanula zovala. Amayi anaphunzitsa masamu kupulaimale zaka makumi atatu, ndipo mpaka pano akakuyang'ana umayamba kukumbukira ngati unalemba homuweki. Ndinangowaonetsa chithunzi chija pafoni.

Anachiyang'ana nthawi yaitali, chopanira zovala chili pakamwa. Kenako anachilavulira m'beseni.

"Jekete limenelo linkanunkha fodya wa Kabudula," anatero.

"Amayi!"

"Usakuwe, anthu amva. Gwira uku." Anandipatsa nsonga ziwiri za shiti, ndipo nkhani yonse anandiuza tikupinda, tikuyandikirana ndi kutalikirana. Gitala anaphunzira kwa malume awo ali kamtsikana. Pamene abambo ankayambitsa bandi, amayi anali kukoleji ya aphunzitsi, ndipo mkulu wa kolejiyo anali atalengeza kuti wophunzira wopezeka m'bandi alongedze katundu. Abambo anali ndi mawu, anali ndi tsitsi, koma pagitala ankadziwa kugwira malo atatu okha. Ndiye kustudiyo amayi analowa mozemba n'kuimba. Tsiku lojambula kanema anathawa phunziro la masana, anawaveka jekete la abambo, wojambula n'kulonjeza kuti kamera sikwera kupitirira zigongono.

"Nyimbo itatchuka, anthu anayamba kuwakuwira abambo ako pamsewu kuti Zalakhumi. Akanakana bwanji? Akanati ndi ndani? Ndinali ndisanalembe mayeso. Nditamaliza tinakwatirana, kenako kunabwera iwe, kenako bandi inatha. Dzina linatsala."

"Ndiye mungosaina, amayi. Koleji ija singakuchotseninso."

"Sindisaina."

"Bwanji?"

"Iwe ukuona ngati dzina ndi malaya, munthu angovula? Abambo ako anagwira ntchito yogulitsa matayala zaka zonsezi, palibe anawaombera m'manja. Koma akalowa pamalo, anthu amati, 'Afika a Zalakhumi,' ndipo msana wawo umawongoka. Ndiwalande chimenecho ali ndi imvi? Uwauze kuti tepi yaonongeka."

Apa chinthu china chinandigunda m'mutu. "Amayi, nsambo ija."

Anapinda pilo mosamala kwambiri. "Sizasi yanga yosokera ndi yakuthwa bwino."

"Zaka zonsezi makoswe aja munali inu? Mlongo wanga anakalipiridwa!"

"Ndinamugulira mpira mawa lake. Ukafunse." Anandiyang'ana, m'maso muli kuseka. "Ukanafuna kuti alendo amve abambo ako akuimba?"

Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ine ndinali nditamupeza wanga atakhala pamkhate wa banja lonse. Ndinaseka, koma mumtima munali kuwawa. Ndinawakwiyira amayi chifukwa chobisa chinthu chokongola chonchija, ndipo ndinawakonda chifukwa cha chimene anachibisira. Zonse ziwiri zinandigwira limodzi, moti ndinangonyamula beseni n'kulowa m'nyumba.

Lachinayi m'mawa abambo anali pakhonde akupolisha nsapato za Loweruka, akuimba mluzu. Bodza la tepi yoonongeka ndinali nditalikonza bwinobwino, koma nditaona mmene nsapatozo zinkawalira, linandikanika.

"Abambo, fomu yanu yabwezedwa."

"Ndalakwitsa deti?"

"Ayi. Akuti pamzere wa gitala pasaine mwini manja."

Burashi inaima. Abambo anayang'ana nsapato, n'kuyang'ana msewu, n'kuyang'ananso nsapato. Ndinkayembekezera kuti akalipa, kapena anena kuti ofesiyo ndi ya anthu ansanje. Koma anangofunsa motsitsa mawu kuti, "Zikuoneka bwino?"

"Chiyani?"

"Zalazo. M'makina akowo zikuoneka bwino?"

Ndinapita nawo kuntchito. Ndinawakhazika pampando wanga, n'kuwaveka zomvera m'makutu. Atadziona ndi tsitsi lija anati, "Ee, koma ndinalipo," mokweza kwambiri moti owerenga nyuzipepala anatembenuka. Koma manja aja atadzaza chithunzi, anasendera pafupi ndi kompyuta. Anandikodola kuti ndibweze. Ndinabweza katatu.

"Waona mthunziwo?" anatero, akuloza pakona. Panalidi kamthunzi kozungulira kogwera pagitala. "Ndine ameneyo. Dzuwa linkawala kwambiri pansambo, wojambula akudandaula. Ndiye ndinaima pambali ndi vesiti yokha, jekete atavala amayi ako, nditawagwirira ambulera ija ya m'nyimbo. Injiniya, ndinali ndisanaonepo chinthu chotere. Mkono unachita dzanzi koma sindinamve. Ndinati mumtima, mkazi uyu akandikana, ndikalowa m'thanki yamadzi iyo."

Anavula zomvera zija n'kupukuta m'maso ndi chala chonenepa.

"Ukudziwa kulemera kwa dzina lobwereka? Kulikonse kumene kuli gitala ine ndimakhala pafupi ndi chitseko. Paukwati wa msuweni wako ndinamanga bandeji dzanja lopanda bala. Kangapo ndinawauza amayi ako kuti tiulule, iwo n'kumati, 'Mwayamba misala?' Ndikaumirira, amandipatsa tiyi." Anatulutsa cholembera chawo chija. "Bweretsa fomu."

Anakhwatcha dzina lawo pamzere wa gitala ndi mzere umodzi wowongoka, n'kusaina pambali pake monga ndinawauzira.

"Koma amayi akana, abambo. Ndayesa."

"Iwe wayesa ngati mwana. Wakwatira kwa mphenzi saopa kung'anima. Uweruke msanga lero."

Nditafika kunyumba cha m'ma folo, ndinamva phokosolo ndili pangodya ya msewu. Poyamba ndinaganiza kuti wina akudula malata. Abambo anali atakhala pakhonde, geti lili chitsekulire, gitala lili pantchafu ndi nsambo zonse zisanu ndi imodzi, yachitatu ikunyezimira. Ankalikwapula ndi mtima wonse. Malo atatu aja amene ankawadziwa kale, awiri anali atawaiwala. Galu wa oyandikana nawo nyumba ankawayankha. Pampanda panali patayamba kuoneka mitu ya anthu, ndipo a Kabudula, amene abambo anawaitana dala, anali atakhala pasitepe atagwira mutu ndi manja awiri.

Amayi anatulukira pakhomo, m'manja muli supuni.

"Bambo, mukutani?"

"Ndikukonzekera, mayi. Popeza kanema wanga saonetsedwa, ndauza abwana a Injiniya kuti Loweruka ndidzaimba ndekha pamaso pa anthu. A Zalakhumi sangakhumudwitse anthu awo." Anakwapulanso. Mwana wina pampanda anatseka makutu.

"Lowani m'nyumba."

"Muno mukumveka bwino."

"Anthu akukuonani!"

"Adzandionanso Loweruka. Mazana awiri."

Amayi anabwerera m'nyumba, ndipo ndinadziwa kuti akukafuna sizasi. Anatuluka opanda kanthu. Abambo anasisita thumba la malaya osasiya kuimba, ndipo zogwirira za sizasiyo zinasuzumira pafupi ndi cholembera.

Ndinaona nkhope ya amayi ikulimbana ndi zinthu ziwiri. Manyazi akanatha kuwapirira, chifukwa mphunzitsi wa pulaimale anaona zambiri. Chimene sakanapirira ndi nsambo yachitatu ija. Abambo anali ataimanga molakwika, ndipo nthawi iliyonse ikalira, diso la amayi linkaphethira ngati alumidwa ndi nyerere. Anapirira kamodzi, kawiri, kasanu.

"Bweretsani kuno, mukulipha!"

Anandiponyera supuni, n'kulanda gitala, n'kukhala pampando umene abambo anausiya mofulumira kwambiri. Anapendeketsa mutu, n'kupotokola kachitsulo ka nsamboyo, kumvetsera, kupotokolanso. Ndikukhulupirira kuti ankangofuna kuikonza basi, kenako abweze. Koma nsambo ikakhala bwino umafuna kuiyesa, ndipo poiyesa zala zinapita zokha kumene zinazolowera. Kachala kopindika kaja kanatambasuka n'kukagwira kutali, ndipo "Ambulera Yobooka" inatuluka pakhonde pathu, yonse, yoyera ngati yachapidwa.

A Kabudula anayamba kumenya sitepe ndi zikhatho, pang'onopang'ono, kenako mwamphamvu. Abambo analowetsa mawu awo, ndipo ndinazindikira kuti pa zoimba ndi pakamwa sananamepo, mawu ali nawo. Ine ndinaima pakati pa bwalo ndi supuni m'manja, misozi ikutsika, osaipukuta.

Nyimbo itatha anthu anaomba m'manja, ena akuimba mluzu. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anakuwa kuti, "Aphunzitsi! Ndiye wailesi imene ndimaimva m'mawa anthu akachoka ija ndinu?"

Amayi anayang'ana pansi. Apa ndi pamene ndinamvetsa za fumbi lija.

"Ndi nsambo zisanu zokha?" ndinafunsa.

"Munthu umazolowera kulambalala," anatero. Kenako anatembenukira kwa abambo. "Mwadziwononga nokha, bambo. Mawa akutchulani ndani?"

"Anditchula mwamuna wa a Zalakhumi. Ndi udindo waukulu, si aliyense angaukwanitse."

"Ine ndinkadziwa!" anakuwa a Kabudula.

"Iwe unalipo, chitsiru," abambo anatero. "Ukanalephera bwanji kudziwa?"

Ndinatulutsa fomu m'chikwama. Abambo anapereka cholembera chawo chosabwereketsa chija ndi manja awiri. Amayi anatembenuza gitala, n'kuika pepala pamsana pake, n'kuwerenga mzere uliwonse ngati akuchonga mayeso. Anandifunsa kuti dzina limene alembe ndi limene lidzaoneke pamapeto a kanema. Ndinati inde. Anaganiza pang'ono, n'kulemba dzina lawo la kwa makolo awo, limene ankadziwika nalo tsiku lija padenga.

Lachisanu ndinali pakhomo la ofesi ija isanatsekulidwe. Mayi Chidindo anawerenga fomu, n'kuona pokhwatchidwa, n'kuona dzina latsopano.

"Mwamupeza kutali?"

"Kukhitchini kwathu."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti ali ndi mpata pakati pa mano. Anapumira pachidindo, n'kuchimenya papepala mwamphamvu moti makapu a pashelefu analira. "Mundisungire mpando," anatero.

Loweruka tinatchinga mawindo a holo ndi mabulangete, n'kupachika chinsalu choyera kutsogolo. Mipando inatha, ena anakhala pansi, ena anaima kumbuyo. Makanema khumi ndi mmodzi aja anayenda bwino. Agogo ankadziona ali anyamata, adzukulu ankaseka mathalauza, ndipo mayi wina anaimirira n'kuvina ndi mwamuna wake wa pachinsalu amene anamwalira kalekale. Wathu ndinamuika pomaliza, chifukwa woyendetsa makina ndinali ine.

Makolo anga anakhala mzere wachitatu. Abambo anali mu suti yawo, nsapato zikuwala, ndipo anali atanyamula ambulera ngakhale kunja kunalibe ndi kamtambo komwe. Anthu anawaseka pakhomo, iwo n'kumangoti nyengo siidziwika. Amayi anavala diresi yawo ya buluu, chikwama chili pamiyendo, atachigwira ngati wina awalanda. Nkhani inali itayenda kale m'misewu, koma ambiri ankati mpaka aone okha.

Tsitsi la abambo litaoneka, holo yonse inagwa ndi kuseka, ndipo iwo anaimirira n'kuwerama mbali zonse. Kenako mawu analeka, kamera inayandikira, ndipo manja a amayi anadzaza chinsalu, dzanja lililonse lalikulu ngati chitseko. Kachala kopindika kanali kotalika kuposa mkono wanga. Kuseka kunatha. Kuchokera pamakina pamene ndinali, ndinkaona amayi cham'mbali. Anali asanadzionepo chonchi. Sankaphethira, ndipo zala zawo zinkayenda palamba wa chikwama, zikutsatira zinzake za pachinsalu osaphonya.

Mwamuna wina wa ndevu kumbuyo anakuwa kuti, "Kachala ako! Kanandilozapo ine ndili sitandade folo!" Anthu anaphulika, kuseka ndi kuomba m'manja pamodzi, ena akukuwa kuti, "Aphunzitsi! Aphunzitsi!" Mayi Chidindo anali ataimirira pampando wake, magalasi akulendewera.

Ndiye abambo anaimirira mwakachetechete, n'kutambasula ambulera ija, n'kuigwira pamwamba pa mutu wa amayi, mkono uli njo, maso ali pachinsalu.

"Bambo, tsekani," ndinamva amayi akunong'ona. "Mukutchinga anthu."

Sanatseke. A kumbuyo anangosendeza mitu, wina uku wina uku, ndipo palibe anadandaula. Amayi anakweza dzanja ngati akufuna kuwatsitsa mkono, koma atagwira mkonowo sanaukoke. Anaugwirabe choncho mpaka dzina lawo linakwera pachinsalu.